KODI MAPANGA AWIRI ABVUMBWITSADI?

Makolo athu anatisiyira mwambi wakuti, "Mapanga awiri abvumbwitsa." Tonse tinaumva tikali ana, ndipo aphunzitsi anatimasulira kuti munthu wogwira zinthu ziwiri pa nthawi imodzi adzataya zonse. Ine ndinauloweza mwambiwu pa sukulu ya mishoni, ndinaumasulira bwino pa mayeso, koma tanthauzo lace lenileni ndinalidziwa nditapitirira zaka 30, ndiri ndi mkazi ndi ana awiri, ndipo ndinalidziwa ndi misozi. Cifukwa cace ndifuna kukambirana nanu, anzanga amene mwangotsiriza sukulu, za funso limene lidzakupezani posacedwa. Funsolo ndi ili: kodi munthu amene ali ndi nchito yomdyetsa ndi banja lomyembekeza ali nao ufulu wakupatsa nthawi yace ndi ndalama zace ku luso limene mtima wace ulikonda? Ndipo ngati ali nao, malire ace ali pati?

Ine ndine kalaliki m'ofesi ina ya Boma pano pa Chongwe, pa mseu waukulu wopita kum'mawa, mtunda wa makilomita 45 kucokera ku Lusaka. Nchito yanga ndiyo kulandira makalata, kuwalemba m'buku, kusunga mafaelo ndi kudinda mapepala a anthu. Ndilowa 8 koloko m'mawa, ndiweruka 5 koloko madzulo, ndipo pa kutha kwa mwezi ndilandira malipiro okwanira ufa, lendi, zobvala ndi mabuku a ana, osatsalapo zambiri. Atate anga anali Mcewa wa ku Katete. Anagwira nchito ya ukalipentala ku Lusaka zaka zambiri, ndipo atakalamba anapempha malo kwa mfumu ya mudzi wina wa Asoli, eni ace a dziko lino, namanga nyumba yao kumeneko, ulendo wa ora limodzi pa njinga kucokera pa boma. Limeneli ndilo phanga langa loyamba: ofesi, nyumba, makolo ndi munda.

Phanga laciwiri ndi kamera. Ndinaigula yogwirapo kale nchito m'sitolo ina ku Lusaka mu 2019, nditasunga ndalama miyezi 10. Kuyambira tsiku lomwelo ndinayamba kuona zinthu zimene ndinali kuzipitirira zaka zonse osaziyang'ana: anyamata okankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala mbandakuca, amai oyala tomato m'mbali mwa mseu, mcenga wa mu mtsinje wa Chongwe pamene madzi aphwa, ophunzira a ku Chalimbana atabvala mikanjo pa tsiku lakulandira masatifiketi ao. Ndinaphunzira kudikira dzuwa kuti lipendeke, ndi kukhala cete kufikira munthu aiwale kuti ndiripo, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo luso limodzi linaitana linzace. Ndinagula kope lolembamo nthano za okalamba. Ndinabwereka zipangizo za atate kuti ndizipala mafelemu a mlombwa. Ndinayambanso kulemba kabuku ka mbiri ya midzi yathu. Zonsezi ndinaziyamba ndi cangu, koma palibe ndi cimodzi comwe cimene ndinacitsiriza. Mkazi wanga akaona mapepala ndi matabwa atamwazika m'nyumba anali kuseka, nati, "Atate ace a ana, ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada." Ine ndinali kusekanso, osadziwa kuti tsiku lakugwa liri pafupi.

Caka ndi caka, mvula ikayandikira, Asoli acita mwambo wao wa Chakwela Makumbi, ndiko kunena kukokera mitambo pansi. Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, imene inalowa ufumu mu 1971, ipempherera mvula, iyatsa moto m'munda, ndi kubzala mbeu zoyamba pamaso pa khamu la anthu. Kwa munthu wojambula palibe tsiku lina pa Chongwe loposa limeneli. Mu Okutobala 2023 ndinalikonzekera sabata lathunthu. Koma Lacinai atate anatuma mwana wa pa mudzi ndi mau akuti ndikawaone, ndipo Lacisanu nditaweruka ndinapalasa njinga kunka kumeneko. Ndinawapeza atakhala pa mphasa kukhonde.

"Mwana wanga," anatero, "mawa udzaceze kuno tsiku lonse. Pali mau amene ndifuna kukusiyira, za kwathu ku Katete, za manda a agogo ako, ndi za malire a munda uno. Ubwere nalo kope lako lija."

Ine ndinayankha kuti, "Pepani atate, mawa kuli mwambo, ndipo ucitika kamodzi kokha pa caka. Ndidzabwera Loweruka linalo, tidzaceza kufikira dzuwa kulowa."

Anandiyang'ana kanthawi, nati, "Cabwino, mwana wanga, pita ukajambule."

Ndinapita, ndipo ndinajambula zithunzi 412. Lamulungu ndinataya tsiku lonse ndiri kusankha zokongola, Lolemba ndinalowa nchito. Lacitatu usiku foni inalira: atate agwa, mbali imodzi ya thupi yafa, ndi lilime lamangika. Anagona m'cipatala masiku 9, maso ali otseguka, ali kundiyang'ana, milomo iri kugwedezeka popanda mau. Kope ndinabwera nalo tsiku liri lonse, koma panalibe colembamo. Atamwalira, abale anafuna cithunzi cao coti aciike patsogolo pa bokosi, ndipo onse anaceukira kwa ine, mwini kamera. Ndinafunafuna usiku wonse. M'zithunzi zikwi zambiri za anthu acilendo, atate ndinawapeza kamodzi kokha, ali kumphepete kwa cithunzi ca ukwati, nkhope itadulidwa theka. Potsiriza tinakulitsa kacithunzi ka pa citupa cao ca Boma, kamene anajambulitsa ali mnyamata. Adzukulu sanawazindikire.

Titacoka ku manda ndinatsekera kamera m'bokosi lacitsulo, pamodzi ndi kope ndi mafelemu osatsiriza aja. Ndinati mu mtima mwanga, makolo sananame. Luso ndi mbala imene ilowa m'nyumba ngati mlendo waulemu, niba nthawi ya ana ndi ya makolo. Miyezi 5 sindinalitsegule bokosilo, ndipo ndinayesa kuti mlandu watha.

Koma mu Marichi 2024 kunabwera ku ofesi mai wina wacikulire. Sanapereke pepala liri lonse. Anangokhala pa benchi kufikira 5 koloko, kuti asandisokoneze pa nchito. Nditaturuka anandipatsa moni, nati, "Pepani a kalaliki, ndamva kuti ndinu munali kujambula pa Chakwela Makumbi. Amuna anga anali mmodzi wa oyimba ng'oma. Anatisiya pa Khirisimasi. Adzukulu afunsa nkhope yao, ndipo ife tiribe cowaonetsa." Usiku umenewo ndinatsegula bokosi. M'zithunzi 412 zija ndinampeza mkuluyo katatu, ndipo m'cimodzi anali kuseka, mutu ataupendeketsa, manja onse ali pa ng'oma. Ndinakacitsukitsa ku Lusaka ndi kukawapatsa amaiwo kwao. Anacilandira ndi manja awiri, nakhala pansi, nalira nthawi yaitali. Atatero anaitana adzukulu mmodzimmodzi. Pobwera anandigwirira nkhuku. Ndinacita manyazi kuilandira, koma kuikana kukadakhala mwano.

Tsono taonani kubvuta kwace kwa mlanduwu. Loweruka limodzi lomwelo linandilanda mau otsiriza a atate anga, ndipo lomwelonso linabwezera mai wamasiye nkhope ya mwamuna wace. Ndikati kujambula nkoipa, amai aja adzanditsutsa. Ndikati ndinacita bwino, mphasa ya kukhonde ija idzanditsutsa. Motero ndinayenera kuganiza kaciwiri, ndipo ndinapeza kuti pa nkhani imeneyi anthu asocera m'njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi ya iwo amene anena kuti luso losabweretsa ndalama ndi masewera a ana, ndi kuti munthu wamkulu ayenera kudziwa nchito ndi munda basi. Anthu otere aiwala makhalidwe a makolo ao omwe. Mai woumba mbiya analemba mizere pakhosi pace, ngakhale mizereyo siionjeza madzi m'mbiya. Wosema mtondo anausalaza kunja komwe, kumene cimanga sicifika. Woyimba ng'oma usiku anali mlimi usana, ndi wopeka nyimbo za pa mtondo anali yemweyo wosinja. Panalibe mmodzi wa iwo amene analeka khasu cifukwa ca luso, ndipo panalibe amene anataya luso cifukwa ca khasu. Kunena zoona, makolo amene anatipatsa mwambi wa mapanga awiri anali nao mapanga awiri iwo eni.

Ndiponso zambiri zimene tidziwa lero za kale lathu tazilandira kwa anthu amene anazisunga pambali pa nchito yao. M'boma lathu lino muli mishoni ya Kasisi, imene inayambidwa mu 1905 ndi Bambo Jules Torrend. Iyeyo anali ndi nchito yomanga, yolima ndi yophunzitsa, koma anapeza nthawi yakukhala pansi ndi anthu, nagwira nthano zao ndi makina osunga mau, ndipo mu 1921 anazisindikiza m'buku. Okamba nthanozo anapita kalekale, koma mau ao alipo. Ku Lusaka, m'kacipinda ka kudenga ka Fine Art Studios, imodzi ya nyumba zakale zojambulira zithunzi mu mzindamo, munapezeka zithunzi zambirimbiri zimene eni ace sanabwere kudzazitenga. Mai Sana Ginwalla anazisonkhanitsa, nazicha Zambia Belonging, nayamba kuzionetsa kwa anthu. M'zithunzizo muli anthu wamba atabvala zobvala zao za pa Sabata, abwenzi atagwirana mapewa, makolo atanyamula makanda. Mabuku a mbiri achula mafumu, abwanamkubwa ndi atsogoleri. Koma kuti munthu wamba anali kuoneka bwanji, anali kunyadira ciani, tidziwa cifukwa wina anaima ndi kamera. Amene anena kuti zimenezi nzacabe sanaimepo pa maliro opanda cithunzi.

Njira yaciwiri yosocera ndiyo imene ndinayendamo ine, ndipo ndi yoopsa koposa cifukwa ioneka yaulemu. Iyi ndi ya iwo amene ayesa kuti luso limasula munthu ku mangawa ace. Munthu wotere akacedwa kunyumba anena kuti dzuwa linali lokoma. Akadya ndalama ya feteleza anena kuti galasi latsopano la kamera lidzabweza. Akalephera kufika pa matenda anena kuti mwai wotere subwera kawiri. Sanama konse, pakuti dzuwa linalidi lokoma. Koma luso liribe mimba yokhuta. Munda uli ndi malire, ndi ofesi itsekedwa 5 koloko, koma cithunzi cabwino cibala njala ya cina coposa, ndipo palibe belu lakukuuza kuti weruka.

Kamera iri ndi khalidwe linanso limene tiyenera kulizindikira. Kuti ujambule gule uyenera kuturuka m'bwalo. Kuti ujambule anthu ali kudya uyenera kuleka mbale. Wojambula aima pambali nthawi zonse, ndipo akazolowera kuima pambali adzayamba kuona anthu ngati zinthu zokongola kapena zomvetsa cisoni, osati ngati abale omfuna. Mu Marichi 1993 Kevin Carter, wojambula wa ku South Africa, anajambula kum'mwera kwa Sudan mwana wofoka ndi njala atagwa pansi, ndi muimba utatera kumbuyo kwace. Nyuzipepala ya New York Times itasindikiza cithunzico, anthu ambiri a maiko akutali anazindikira kukula kwa njalayo, ndipo mu 1994 Carter analandira mphotho ya Pulitzer. Koma owerenga ambiri anafunsa funso limodzi: nanga mwanayo anamcitira ciani? Iye anati muimbawo anaupitikitsa, koma funsolo silinamleke, ndipo anamwalira m'caka comweco ca mphotho. Ine sindiri woyenera kumweruza munthu amene anaona zoopsa zimene ine sindinazione. Ndingoti funso limene anamfunsa liri pa munthu ali yense wogwira kamera, ndipo masiku ano, pokhala foni iri yonse iri ndi kamera, liri pa ife tonse. Pakacitika ngozi pa mseu wathu uno, tawerengani manja amene akweza mafoni ndi manja amene anyamula obvulala. Pa maliro, taonani acinyamata amene ajambula bokosi pamene akulu asowa wowalandira fosholo. Manja a munthu ndi awiri okha, ndipo pali nthawi imene afunika onse awiri opanda kanthu.

Nanga tsono titani, popeza kutaya luso nkulakwa, ndi kulitsata kosaceuka nkulakwanso? Ine ndinabwerera ku mwambi uja ndi kuuyang'anitsitsa. Munthu wa m'mwambiwo sanabvumbwe cifukwa cakuti mapanga anali awiri. Pa tsiku la dzuwa akadatha kusunga nkhuni m'phanga lina ndi kugona m'linzace, osabvutika konse. Anabvumbwa cifukwa mvula inampeza asanatsimikize kuti kwao nkuti. Anathamangira uku, nakumbuka ubwino wa uko, nabwerera, kufikira ananyowa ali pakati. Cimene mwambiwu uletsa ndi mtima wosasankhiratu. Munthu akhoza kukhala ndi mapanga awiri, ngakhale atatu, malinga adziwe mitambo isanade kuti mvula ikagwa adzathawira kuti.

Ndipo pali muyeso umene ndaupeza wothandiza pamene zinthu ziwiri zikuitana pa ora limodzi. Udzifunse kuti, mwa ziwirizi nciti cimene munthu wina angacicite m'malo mwanga? Pa Chakwela Makumbi panali makamera ambiri, a atolankhani ndi a alendo, ndipo mwambowo ukadacitika bwino lomwe popanda ine. Koma pa mphasa ya atate panafunika munthu mmodzi yekha, ndiye mwana wao wamwamuna, ndipo panalibe wakundigwirira malo. Wina adzati, "Nanga mai wamasiye uja? Ukadapanda kupita akadapeza kuti cithunzi?" Funsoli ndalisinkhasinkha masiku ambiri. Yankho langa ndi lakuti za amai aja sindinazidziwe, koma za atate ndinazidziwa, pakuti anandiitana ndi pakamwa pao. Munthu ayesedwa ndi zimene anazidziwa pa nthawi yakusankha. Cabwino cimene cinaturuka mwa mwai ndicilandira ndi kuthokoza, koma sicifafaniza kulakwa kwanga.

Pamene ndinatulutsanso kamera m'bokosi ndinadziikira malamulo, ndipo ndiwaona ngati mangawa anai amene munthu waluso ayenera kubweza, liri lonse pa nthawi yace.

Mangawa oyamba ndi a nchito imene ikudyetsa. Ndibvomera ndi manyazi kuti kale ndinali kusankha zithunzi pansi pa tebulo la ofesi, pamene nkhalamba yocokera ku Kanakantapa iri pa benchi kudikira cidindo. Nkhalambayo inalipira galimoto ndi ndalama ya nkhuku yace, ndipo ikacedwa idzagona pa njira. Maora a pakati pa 8 koloko ndi 5 koloko si anga. Anagulidwa ndi msonkho wa anthu omwewo. Kalaliki amene aba maora amenewa sasiyana ndi wakuba mapepala kapena inki, ngakhale cimene acita nao cikhale cokongola cotani. Tsopano kamera itsala kunyumba masiku onse a nchito.

Mangawa aciwiri ndi a pa nyumba. Ndalama ya luso ituruka pambuyo pa ufa, lendi, mabuku ndi mbeu, ndipo mkazi wanga aidziwa. Koma coposa ndalama ndi makutu. Mu 2024 mvula inakana, cimanga cinauma cisanabereke, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, ndi magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lathunthu. Amai tinawatenga kudzakhala nafe pa boma. Popeza batire la kamera ndi la foni anali akufa masiku ambiri, madzulo tinali kukhala pabwalo mu mdima, ndipo amai anayamba kukamba. Anachula maina a midzi ya ku Katete, anafotokoza m'mene anakomanira ndi atate, ndi mtengo umene uli pa malire a munda. Ndinalemba m'kope lija ndi kuwala kwa kandulo. Zina sanazidziwe, pakuti zinali za kucimuna, ndipo zimenezo zinapita ndi atate. Koma zimene ndinapulumutsa ndinazipeza cifukwa mdima unandilanda zosewera nazo. Ndicita manyazi kuti panafunika cilala kuti ndimvere amai anga. Ndipo nditawamvera miyezi yambiri ndinawajambula atakhala pa mpando, atabvala citenje cimene anasankha okha. Cithunzi cimeneco ciposa zonse zimene ndinajambulapo, cifukwa ndinamdziwa munthu amene ndinali kumjambula.

Mangawa acitatu ndi a anthu amene uwajambula. Nkhope ya munthu ndi yace, ndipo wojambula angoibwereka. Uyenera kupempha usanajambule, makamaka kwa odwala, olira ndi osauka, amene alibe mphamvu yakukukaniza. Ndipo cimene wabwereka ucibweze. Pa ici mphunzitsi wanga ndi Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali. Iye anali mwana wa kalipentala monga ine, ndipo anayamba ndi nchito ya matabwa. Mu 1935 mbale wa makolo ace anampatsa kamera, mu 1948 anatsegula nyumba yace yojambulira, ndipo mu 1962 analowa nchito yojambulira Boma. Anthu a mu mzinda wace anali kubwera atabvala bwino, iye nawakhazika mwaulemu, nawapatsa cithunzi coti apite naco kwao kapena atumize kwa abale. Mafilimu anawasunga mosamala. Maiko akunja anamdziwa atakalamba kale, ndipo anamwalira mu 2001 ali wochuka pa dziko lonse. Koma zithunzi zimene zipacikidwa lero m'nyumba zazikulu za ku Paris ndi New York zinayamba zapacikidwa m'nyumba za eni ace. Ine tsopano, pa kutha kwa mwezi, nditsukitsa zithunzi zocepa ndi kuzipereka kwa amene alimo: wogulitsa tomato, wokankha njinga, woyimba ng'oma. Cithunzi cokhala m'foni ya wojambula yekha ciri ngati mbeu yosungidwa m'nkhokwe kufikira anankafumbwe aidya.

Mangawa acinai ndi a luso lomwelo, pakuti nalonso liri ndi mlandu ndi iwe ukalinyozera. Loweruka masana, nditacoka ku munda, ndi nthawi ya kamera, ndipo a m'nyumba aidziwa naipatsa ulemu, monga inenso ndilemekeza nthawi yao. Ndigwira cinthu cimodzi kufikira citatha. Mafelemu ndinawatsiriza anai, ndi zipangizo za atate, ndipo kabuku ka mbiri ya midzi kadikira kufikira kope la amai litalembedwa bwino. Kanthu kakang'ono kotsirizika kaposa zazikulu khumi zosiyidwa pa njira.

Sindifuna kukunyengani kuti njira imeneyi iribe mtengo wace. Munthu amene apatsa luso Loweruka lokha sadzafika pamene afika iwo amene alipatsa moyo wonse. Masiku ena dzuwa lilowa mokongola pa mapiri ine ndiri kuthandiza mwana masamu, ndipo mtima uwawa. Kapena pakati pa inu pali wina amene luso lace lidzakhala nchito yace yomdyetsa, monga linakhalira kwa Keïta. Ameneyo mapanga ace adzayandikana, koma ngakhale iye adzakhala ndi makolo okalamba ndi ana odwala. Ambiri a ife tidzakhala akalaliki, aphunzitsi, anamwino ndi alimi amene ali ndi kanthu kena m'mtima, wina nyimbo, wina kulemba, wina kusoka, wina kujambula. Kanthuko musakataye, pakuti tsiku lina mai wamasiye adzakafuna. Koma musakalole kukhala pa mpando wa mwini nyumba.

Inu amene muturuka m'sukulu caka cino muli ndi makamera m'matumba mwanu, amene agogo anu sanawalote nkomwe. Ndikupemphani cinthu cimodzi. Musanapite kukajambula mafumu, magule ndi mitsinje, pitani kwa okalamba a pa nyumba panu. Khalani pa mphasa, foni iri m'thumba, muwafunse za kwao ndi za makolo ao, ndipo mumvere kufikira atatsiriza okha. Mukatero muwapemphe kuti abvale cimene akonda, muwajambule nkhope yonse, mutsukitse cithunzico ndi kucipacika pa khoma iwo akali ndi maso akuciona. Ndipo akakuitanani Loweruka, pitani Loweruka lomwelo.